Njira ya ku Kasupe wa pa Michiru

Lolemba
Zatsimikizika. Loweruka amayi a Mvano akukwera Michiru kukapemphera pa kasupe wa patsinde pa mkuyu, ndipo wowatsogolera ndine. A Kalinde nawo anadzipereka dzulo kutchalitchi, foni ili m'manja. A Kalinde omwewo amene anandilanda ntchito yolondera nkhalango, ati poti iwo ali ndi satifiketi, ine Sitandade 5. Phiri limawerenga satifiketi?

Lachiwiri
Njira ili m'mutu. Mbawa ya mphanda, kumanzere. Misuku itatu. Muwanga wowombedwa ndi mphenzi, pafupi ndi mwala wa mbira. Kenaka kutsetsereka. Jombo adya makoswe. Akazi anga aNambewe akuti, "Mukaoneko kaye, bambo. Ndi kale lija."

Lachitatu
Ndakwera ndekha, osati chifukwa cha mawu awo. Mbawa palibe. Misuku palibe. Udzu, zitsa, maenje a makala. Nyani wakhala pamwala akundiyang'ana ngati andifunse chiphaso. Kasupe sindinamupeze. Maondo akuwawa.

Lachinayi
Chitsa sichinama. Ndikukanda chilichonse ndi mpeni n'kununkhiza. Mbawa ndaipeza, yofiira m'kati. Misuku iwiri. Ndang'amba malaya akale, ndamanga nsanza pa chitsa chilichonse. Mvula yandibweza, koma mawu sindibweza.

Lachisanu
A Kalinde andipeza pamsika pa Chilomoni. "Madala, mukafuna thandizo musachite manyazi." Akuti mawa abwera nawo "kudzaphunzira".

Loweruka
Amayi mabulauzi oyera mbee, akuimba pambuyo panga. Zitsa zakumbidwa! Ootcha makala afika pa mizu tsopano. Nsanza zanga zili m'dzenje. Mwala umodzi ndauzungulira kawiri. Nyimbo yazilala. A Kalinde akukweza foni m'mwamba, netiweki palibe. Chokhacho chandikomera.

Kenaka aNambewe akutsokomola. "Misuku ija inali apa. Tikhotere uku." Asanamalize n'komwe, amayi onse akhota. Onse akuidziwa njira, ngakhale amayi busa. Wina akuti, "Koma nthambi za muwanga uja zinkayaka," anzake n'kumutsina.

Kasupe alipo. Mkuyu ulipo, apusi ali m'mwamba akutigenda ndi nkhuyu. Ine ndafika pomalizira, nditasenza chikwama cha mabuku a nyimbo.

Lamulungu
Zaka zonse zija ndinkalondera phiri, sindinagwirepo mayi wotola nkhuni ngakhale mmodzi. Ndinkati amandiopa. Ndafunsa aNambewe kuti ankadziwa bwanji mbali imene ndalowera. Akuti ndinkanena ndekha m'mawa uliwonse ndikumwa tiyi. Sindinafunse kuti tiyiyo ankaphikira nkhuni za kuti.

Abusa athokoza a Kalinde pa guwa chifukwa chotsogolera ulendo bwino. Ndangowasiya. Atenge.