Mtambo wa Banja Lonse

Loweluka, 21 Juni

Lelo ndadzuka m'nyumba muli zii, ndipo si chifukwa cha chisanu. Azakhali anali asanandilankhule chichokele Lachinayi. Moni ndimapeleka, iwo amayankha khoma. Ndilembe zonse mwandondomeko, kuti amene adzawelenge adziwe kuti sindinali mwana woipa. Ndinali chabe wopusa mwaulemu.

Ndimakhala pa boma pano pa Petauke ndi azakhali, amai Tembo, alongo a malemu atate anga. Ananditenga ku Kaumbwe kuti ndiphunzile sekondale, ndipo tsopano ndili mu Giledi 11. Amai anga kumudzi sangathe kundiika ku sukulu yogonela komweko. Azakhali atangoti "longedza", sukulu yanga yathela pomwepo. Mukumbukile zimenezi pamene mukundiseka.

Zinayamba ndi msuweni wanga Yotamu, mwana wa azakhali amene amagwila nchito ku Lusaka. Anatumiza pa basi tivi yaikulu yolowa pa intaneti, kenaka anandiimbila foni.

"Msuweni, wophunzila pa nyumba imeneyo ndiwe. Pali kampani yogulitsa zinthu zitatu pa mtolo umodzi: mafilimu, magemu, ndi malo osungila zithunzi kumtambo. Sankha wekha mtolo wabwino, ine ndizilipila."

Ndinamva ngati andisankha kukhala nduna. Ndinakhala pa mpando wa alendo, mwendo pamwamba pa unzake, n'kuyamba kuyelekeza. Panali mtolo wa munthu mmodzi, wa anthu awili, ndi wa banja. Wa munthu mmodzi ndinaukana msanga, chifukwa unkamveka ngati wa munthu wodyela kuseli kwa nyumba. Wa anthu awili ndinachita nawo manyazi (pa msinkhu wanga, wachiwiliyo angakhale ndani?). Ndinasankha wa banja, ndipo ndinalowetsamo foni yanga, ya azakhali, ya amuna awo aTembo, ya Yotamu, ndi tivi yomwe.

Azakhali anaimilila kumbuyo kwanga, manja m'chiuno.

"Mtambo umene ukunenawo ndi uti? Wa mvula?"

"Iyai, Anti. Uli ngati nkhokwe, koma ili m'mwamba. Anankafumbwe safikako."

"Nanga chilimwe mitambo ikatha, zithunzi zanga zigwela pa munda wa yani?"

Ndinawaseka. Ndikubweleza kuti mumve bwino: ine ndinawaseka iwo.

Ndili pafupi kumaliza, foni inandifunsa funso m'Chingelezi: kodi ndikufuna kugawana ndi banja langa zimene ndikusunga? Panali pokanikiza inde ndi pokanikiza iyai. Tsopano ndiuzeni, ndi mwana uti woleledwa bwino amene angakanikize iyai pa funso lotelo? Kwathu chimanga chimodzi chowotcha timachithyola mpaka aliyense alawe. Ukakana kugawana ndi abale ako, dzina limene angakupatse silichoka mpaka kumanda. Ndinakanikiza inde ndi mtima woyela, osawelenga tizilembo tating'ono tinali m'munsi. M'mutu mwanga ndinkaona nkhokwe imodzi, aliyense ndi thumba lake lomanga bwino. Sindinadziwe kuti ndavomela kuti matumba onse akhale chitsegukile.

Tsono thumba langa linali ndi zinthu.

Ndili m'kagulu ka masewelo ku sukulu, ndipo ndimalota kuti tsiku lina ndidzaoneka m'mafilimu. Aphunzitsi athu anatiuza kuti wosewela wabwino amaphunzila poyang'anitsitsa anthu. Ine monga mwana womvela ndinayang'anitsitsa anthu amene ndinali nawo pafupi. Pakhomo pakakhala popanda munthu, ndinkatsamilitsa foni pa njelwa kuseli kwa khola la nkhuku, n'kudzijambula ndikuwatsanzila. Kale ndinkafafaniza ndikangoonela, chifukwa foni yanga inkadandaula kuti yadzaza. Mtambo utabwela, ndinasiya kufafaniza. Ndinati tsiku lina atolankhani adzafuna kuona mmene ndinayambila.

Machenjezo analipo, ine ndiye ndinalibe makutu. Yotamu ananditumizila tinkhope toseka mzele wathunthu, ndi mawu akuti, "Wachitatu uja wandipha, msuweni." Ndinaganiza kuti akunena filimu ina, ndipo ndinamuyankha kuti inenso ndinaikonda. ATembo nawo, amene chibwelele magemu akhala akulima chimanga cha m'foni pamene lepu wa ku dimba akufota, anayamba kundiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kumatsokomola. Ndinawaphikila madzi a mandimu.

Lachinayi masana, azimai a kwaya ya ku tchalitchi anakumana kwathu. Azakhali anali atajambula ulendo wa kwaya wa ku Nyimba pa foni yawo, ndipo anafuna kuti anzawo adzione pa tivi yatsopano. Nditangofika kuchoka ku sukulu anandiitana.

"Aphunzitsi, bwelani kuno mutitsitsile za kumtambo kwanu."

Ndinalowa ndi yunifomu, ndinagwada, ndinapeleka moni kwa aliyense. Ndinatsegula kanema wa ku Nyimba mosavuta, azimai onse anati "Eee, ana a masiku ano!" Amai Lungu, amene amatsogolela kwaya, anandilanda limoti kuti akweze mawu. Ine ndinapita kukhitchini kukakonza tiyi ndi kandolo, mapewa ali m'mwamba.

Nyimbo inatha. Ndinamva kuwomba m'manja. Kenaka ndinamva tambala wathu akulila m'chipinda chochezela, pamene tambalayo ndinali kumuona pa windo akutola mphale. Pambuyo pa tambala panamveka mawu amene ndimawadziwa bwino. Anali anga.

Tivi imeneyo ikamaliza kanema mmodzi sifunsa munthu, imangotola wotsatila. Ndipo pa onse amene anali kumtambo, inatola uja ndinamutcha "Anti apita ku malilo".

Ndinathamanga ndi ketulo m'manja. Pa tivi ndinali ine, wamkulu kuposa mmene ndilili, nditamanga duku lakuda la azakhali ndi chitenje chawo. Ndinali kuyenda mwa kayendedwe kawo, phewa limodzi patsogolo, ndikucheza ndi mnzanga wosaoneka.

"Nshawa chaka chino, amai, mtengo wake ndi chipongwe. Ine ndinamuuza wa sikelo uja kuti kalime wekha. Kodi ndiwo akuphika ndani kumeneko? Ngati ndi uja wa tsiku lija, tidya mchele wokhawokha. Tafika? Geti ndi iyi? Tandigwilileni kachikwama."

Pomwepo ine wa pa tivi ndinaponya manja kumutu. "Mayo ine! Mayo ine! Watisiyila yani ife!" Diso limodzi lotseka, linalo likuzungulila kuona amene abwela. Ndipo pakati pa kulila, ndinapendekela kwa mnzanga uja n'kunong'ona: "Amene wamwalila ndi mwamuna kapena mkazi?"

Ndinafuna limoti, koma amai Lungu anali ataifumbata pa chifuwa ngati buku la nyimbo. Mapewa awo anayamba kugwedezeka, kenaka anaphulika.

"Amake Yotamu, ndinu ndithu! Ngakhale kaphewa! Ngakhale kachikwama! Mwana uyu ndi mfiti!"

Ena onse anamasuka. Wina anagwa pa mpando, wina anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. Azakhali okha anakhala chilili, akuyang'ana tivi ngati ikuwelenga nkhani za boma.

Magetsi a kuno amazima tsiku lililonse. Amazima ndikusita, amazima ndikuwelenga za mayeso. Ndinapemphela kuti azime. Tsiku limenelo anayaka ngati akupikisana ndi dzuwa.

Amai Lungu anali asanamalize kuseka pamene tivi inatola wotsatila. Ndinaonekanso ine, tsopano nditaika pilo kumbuyo m'kati mwa chitenje, chibwano m'mwamba, ndikumenya mpweya ndi mthiko. Ndinakoka mawu omaliza a nyimbo, ndinawakoka, ndinawakokabe, uku ndikusuzumila ngati abusa akuona, mpaka nkhuku za m'khola zinayamba kutetela. Palibe anafunikila kuuzidwa kuti ameneyo ndi ndani.

Kuseka kwa amai Lungu kunaduka ngati mpopi wa pa boma. Kwa anzawo ndiye kunawonjezeka, ndipo wina anakuwa kuti, "Mpaka tinakhala pansi ku Nyimba iwo akali kuimba!" Koma wokuwayo anasiya msanga, pakuti wotsatila pa tivi anali iye. Apo nzelu zinandibwelela, ndinaika ketulo pansi n'kuzula chingwe ku khoma. (Inde, ndikanatha kuzula poyamba pomwe. Musandiuze, ndadziuza kale.)

Amai Lungu anaimilila, anakonza chitenje, makamaka kumbuyo.

"Amake Yotamu, mwana uyu mukumusunga ndinu, kapena akukusungani ndi iye m'foni? Ine akanakhala wanga, mailo lomwe akanakwela galimoto ya ku Kaumbwe. Akajambule mbuzi kumeneko."

Pemphelo lotsekela anapeleka okha. Linali lalitali, ndipo linanena kwambili za njoka zimene anthu amafunditsa bulangeti m'nyumba zawo. Kandolo palibe anamukhudza.

Madzulo ndinapita kwa aTembo kuti mwina andipepesele. Sanachotse maso pa munda wawo wa m'foni.

"Ine sindinaone kanthu, mwana wanga, ndipo nkhani za azakhali ako sindilowamo. Koma uja wa ine ndikufuna magalasi ali pamphumi, mimba unaikulitsa. Si choncho mimba yanga."

Lelo m'mawa ndinalimba mtima. Azakhali anali pa khonde padzuwa, akusenda nshawa. Ndinagwada patali pang'ono, mwina mbale ingauluke.

"Anti, ndinalakwa. Sindinadziwe kuti zikufika kwa onse."

"Ndiye kulakwa kwako n'kwakuti tinaona?"

"Iyai, Anti. N'kwakuti ndinachita."

Anasenda nshawa zingapo asanayankhe.

"Maso uli nawo, iwe mwana. Zonse unachita zija n'zoona, ndimatelo ndithu. Malilo pa boma pano ndi a mlungu uliwonse. Munthu utati uziyamba kulila kuchoka kunyumba, wotsatila kuikidwa ndiwe. Timayambila pa geti kuti wofedwa ali m'nyumbamo amve kuti kwabwela anthu. Kulila kuja si kwanga, ndi kwake."

Ndinayang'ana pansi.

"Tsiku la malilo a atate ako ndinayamba kulila m'basi, tisanatuluke n'komwe mu Petauke. Kondakitala anandisiyila mpando wake. Pofika pakhomo panu mawu anali atatha, ndinangolowa chete ngati wodzagula nkhuku. Anthu anati taonani, mlongo wake sanalile. Mpaka lelo alipo amene amanena. Imeneyo ndiye sunajambule."

Ndinali wamng'ono nthawi imeneyo, ndipo chimene ndimakumbuka n'chakuti anandibeleka kumbuyo tsiku lonse, ngakhale miyendo yanga inali kufika m'mawondo mwawo. Misozi inayamba kugwela pa simenti.

"Mundibweza kumudzi, Anti?"

"Ndikubweze kuti amai Lungu akondwe? Mwana wa mlongo wanga achoke pano chifukwa cha pilo? Pukuta kumaso. Mayeso ako udzalembela pa nyumba ino."

Ndinafuna kuwagwila miyendo, koma anakweza dzanja.

"Sindinamalize. Mailo tikatuluka m'tchalitchi kuli malilo kuseli kwa msika. Kwaya yonse idzakhalako. Iwe udzayenda patsogolo panga, ndipo pa geti udzayambitsa ndiwe. Tione ngati nchito imeneyi umaidziwa popanda nkhuku zokuonelela."

"Inde, Anti."

"Ndipo zonyansa zako zonse uzichotse kumtambo kwakoko." Anaponya makoko m'lichelo, osandiyang'ana. "Kupatula wa amai Lungu. Ameneyo umusiye. Sindinamuone bwino, anthu anali kuchita phokoso."

Masana ano ndafafaniza onse, kusiya mmodziyo. Ndapezanso pamene pali funso lija la kugawana ndi banja, ndipo ndakanikiza iyai. Ndinayang'ana kumbuyo ngati pali wachibale akundiona.

Mailo ndidzadzuka m'mamawa, ndisite chitenje changa, foni ndiisiye pansi pa matilesi. Pa geti ndidzalila ndi mawu anga, osati a munthu wina, ngakhale atuluke oipa bwanji, mpaka wa m'nyumbamo amve. Ndikatha ndidzakhala pa mphasa maso ali pansi, ndipo sindidzawadzutsa ngakhale pang'ono. Chifukwa ndikangoona mmene amai Lungu adzandiyang'anile, ndikudzidziwa ine: nkhope imeneyo ndidzabwela nayo kunyumba.