Kyu Imene Inapita ndi Katundu wa Malemu

Chaka chatha ndinataya izi: mkazi wanga Nelia, makina ake osokera, mapoto, galasi la kuchipinda, ndi kyu yanga. Chaka chino ndataya kyu ina, pamodzi ndi kaulemu kamene ndinatsala nako ku komboni kwathu ku Mtendere. Za Nelia sindinena zambiri. Ndinena za kyu.

Kyu ndi ndodo yosewerera sinuka. (Kuno anthu amati pulu. Ine ndimati sinuka chifukwa ndinapita ku koleji, ndipo mawu amenewa ndiwo phindu looneka limene ndinabwera nalo.) Yanga inali yakale, yakuda kogwirira, yoperepeseka ndi thukuta. Loweruka likamayandikira Nelia ankaibisa kuti ndikhale pakhomo. Ndikaipeza ndinkapita kokasewera, ndikalephera ndinkamuthandiza kuchapa. Ndiwo anali masewera athu.

Ulendo womaliza anaibisa bwino kwambiri. Inapezeka maliro atatha, tsiku logawa katundu wa malemu, itakulungidwa m'zitenje zake pamwamba pa wadirobu. Mukudziwa mmene zimakhalira: chopezeka m'nsalu za malemu ndi cha malemu, ndipo wamasiye amakhala pamphasa, mutu pansi, pakamwa potseka. Azakhali ake anaikweza m'mwamba.

"Na iyi ni ya mwana wathu. Ndani azatenga?"

Dzanja linakwera, la Bonifesi.

Bonifesi ndi msuweni wa Nelia, amagulitsa mafoni akale m'tauni. Mwa chisuweni ankamutchula Nelia kuti "mkazi wanga", ngakhale pa ukwati wathu, ngakhale m'nyumba mwanga akudya nyama yanga. Nelia ankaseka mpaka kugwira m'mimba. Ine ndinkaseka ndi mano okha.

Patapita miyezi ndinayambanso kutuluka. Ndinamupeza Bonifesi pa thaveni ya kuseri kwa msika, akugonjetsa anthu mmodzimmodzi ndi kyu yanga. Akagwetsa mpira wakuda ankaipsompsona n'kunena kuti, "Mkazi wanga ananisiyila." Anthu ankaseka. Kuipempha sindikanatha, akanati wamasiye wayamba kulimbirana katundu wa malemu. Komanso chinali chinthu chomaliza chimene manja a Nelia anakulunga, ndipo zimenezo sindikanazinena pa thaveni. Ndinaganiza zogula ina yoposa imeneyo, kenako ndimugonjetse ndi kutenga yanga pamaso pa onse.

Ndinayambira ku Kalingalinga, kwa ba Zulu, kalipentala amene amasema makyu a mtengo wa mukwa akatopa ndi mabedi. Anaigubuduza patebulo kuti ndione kuwongoka kwake, ndipo inayenda osadumpha.

"Iyi sifa, ba bosi. Mukasiliza kusewela mungamenyele nayo na kawalala."

Inali yolemera bwino, mtengo wakenso wabwino. Koma inkaoneka ngati mpini wa khasu umene wapita kusukulu. Ndinayerekeza Bonifesi akuiyang'ana, ndipo ndinathokoza n'kuchoka.

Loweruka lotsatira ndinapita ku Chawama, kwa ba Chanda. Iwowa amalumikiza makyu othyoka n'kuwapaka utoto wowala, ndipo kansonga amadula pachikopa cha nsapato zakale. Ndinayesa imodzi yopepuka, inandikhala m'manja ngati tinakulira limodzi. Ndinali nditayamba kale kupisa dzanja m'thumba pamene anandifunsa kumene ndimasewera.

"Ku Mtendere? Mumuziba Bonifesi? Ni kasitoma wanga uja. Ndine ninamuikila kansonga pa kyu yamene anamusiyila mkazi wake."

Dzanja linatuluka m'thumba lopanda kanthu. (Mbiri ya mkazi wa Bonifesi inali itafika mpaka ku Chawama, pomwe ine mwini wake ndimakwera mabasi awiri kuti ndikafike.)

Ndinathera m'sitolo ina ku Kamwala. Kumeneko kunali kyu yochokera kunja, ya zidutswa ziwiri zomangana ndi wononga wamkuwa, ndiye kuti sikuluwu, ndi kachidutswa kachitatu kotalikitsira kumbuyo. Mayi wogulitsa sankadziwa amene anaipanga, ndipo zolemba za pabokosi zinali m'zilembo zimene tonse awiri sitinaphunzire. Sindinaigubuduze, sindinaiyese n'komwe. Inali ndi chikwama chake cha zipi, ndipo Bonifesi alibe chikwama. Ndinagula.

Ndinalowa pa thaveni Loweruka masana, chikwama paphewa. Ndinatsegula zipi pang'onopang'ono kuti aliyense amve. Ndinamanga zidutswa zonse zitatu, ngakhale chachitatucho ndi cha matebulo aakulu a sinuka yeniyeni. Kyu inandipitirira mutu.

"Ba mulamu, muyenda kukathyola mango?" anafunsa Bonifesi.

"Tisewere," ndinatero. "Wopambana atenga zonse ziwiri."

Anandiyang'ana kanthawi, kumwetulira kutachepa. "Mwasimikiza?"

Ndinayankha poponya tokeni m'tebulo.

Kunena zoona, ndinasewera bwino. Nsanje imanola maso. Tinafika pa mpira wakuda tonse, ndipo mwayi unali wanga: wakuda unaima pakamwa pa dzenje, wongofunika kuukhudza. Vuto linali loti mpira woyera, womenyera inayo, unaima mbali ya kukhoma. Tebulo la pa thaveni imeneyi linayandikana ndi khoma mbali imodzi, moti pali kakyu kafupi kamene kamakhala pakona kudikira ntchito imeneyi. Aliyense amakagwiritsa ntchito popanda manyazi. Ba Mutale, mayi mwini thaveni, anakatenga okha n'kundipatsa.

"Tengani aka, ba ticha. Ico cinu sicizakwana."

Ndikanathanso kumasula chidutswa chachitatu. Koma Bonifesi anali atatsamira pa kyu yanga yakale, chibwano pamwamba pa manja, ngati munthu amene watsamira paphewa la mkazi wake. Ndinakana kakyu kaja mwaulemu. Ndinakweza kumbuyo kwa ndodo yanga m'mwamba kuti ilambalale khoma, ndinabweza dzanja, ndipo ndinamva kuti gu. Inali shelefu. Sipika imene inali pamenepo inagwera m'kireti ya mabotolo, nyimbo n'kuduka. Dzanja langa linapitirira lokha: kansonga kanalowa m'nsalu ya tebulo n'kuing'amba ngati khasu pamzere, woyera unalumpha wakuda osaukhudza n'kukalowa wokha m'dzenje. Wononga wamkuwa uja anagonja, theka la kyu linatsala m'manja mwanga, theka lina lili chiimire m'nsalu.

Palibe anaseka. Ndikanakonda akanaseka. Anthu amamuchitira chifundo wamasiye ngakhale atang'amba tebulo, ndipo chifundo chimenecho chimawawa kuposa chipongwe. Ba Mutale anangoti, "Tizakambilana Mande, ba ticha."

Ndinalongedza zidutswa m'chikwama, ndinatseka zipi, ndinapereka kwa Bonifesi, ndinatuluka. Anandipeza panjira pafupi ndi ogulitsa makala, kyu yakale ili m'manja.

"Ba mulamu, sembe munangopempha."

"Za malemu sitipempha."

"Nimaziba ni yanu. Nelia ananiuza pa foni, ati naibisa mu vitenge, uyu sazaipeza mpaka Khisimisi. Tsiku lija sembe sininaimike kwanja, sembe ili kumunzi manje, bapitikisila nayo mbuzi. Nenze kuyembekeza cabe kuti mukambe."

Munthu wanzeru akanamva kuti mlamu wake anamusungira chinthu. Ine ndinamva chimodzi chokha: Nelia anamuuza Bonifesi pamene anaibisa, ine osandiuza. Bonifesi anandilozetsa kyu ija, kogwirira kali kwa ine. Ndinaika manja m'thumba.

"Ndidzaitenga patebulo," ndinatero.

Anapukusa mutu n'kuseka chapansipansi, ndipo kaseko kake kanafanana ndi ka Nelia, poti ndi magazi amodzi. Ndinayang'ana kumbali, kwa ogulitsa makala.

Nsalu ya ba Mutale ndikulipirabe. Dzulo ndinali ku Kalingalinga, ba Zulu akundisemera mpini wa khasu uja, ndipo ndawauza kuti ukhale wamfupi.

Anthu akandifunsa mawu omaliza amene Nelia anandiuza, ndimati anandiuza kuti ndidzisamale. Si zoona. M'mawa umenewo ankapita kukiliniki ndi mnzake, ati mutu ukumuwawa pang'ono chabe, abwera msanga. Pofika madzulo sankathanso kuyankhula. Pamene ankatuluka ine ndinali chogwada, mutu uli kunsi kwa bedi, ndikufunafuna kyu. Sindinatulutse n'komwe mutu kuti ndimuone. Ndinangomva waima pakhomo, akuseka.

"Mukaipeza, musasewele na Bonifesi. Azakudyani."