Ndani Wamasula Kilatchi Yanga?

Ine ndine munthu wa mu ofesi, anzanga, manja angawa anazolowera cholembera basi. Ndinabwera ku Mzuzu kuchokera ku Zomba m'zaka zija Luwinga inayamba kudzaza ndi ana a yunivesite, aliyense wokhala ndi kapuloti akumanga zipinda za lendi. Ndinakwatira konkuno, Lusungu, mwana wa a Gondwe a ku Rumphi. Apongozi angawo anakalambira pa chiwongolero cha malole, kutsika ndi kukwera mapiri a Chiweta, ndipo si munthu woyankhulayankhula. Chikwatirireni mwana wawo anali asanandinenepo choipa, koma chabwinonso ayi. Zimenezi zinkandidya mumtima, ndinkafuna tsiku lina adzanene ndi pakamwa pawo kuti mwana wawo anapeza mwamuna.

Mwayi unapezeka mlamu wanga Tiwonge, chitsirizira cha m'banjamo, atamaliza maphunziro. Mwambo wolandira digiri unali Loweruka, ine ndinali nditangogula kagalimoto kakale ka magiya, ndiye ndinalengeza kuti banja lonse ndilinyamula ndine kuchoka kwathu ku Katoto mpaka pa geti ya yunivesite. Palibe anandipempha.

Chinthu chimodzi chokha chinkandinyansa pa kagalimotoko. Ukaponda kilatchi, pedulo inkayamba yatsika kaye yopanda mphamvu, mpata wa zala ziwiri, kenako n'kumalimba. Amakaniko mpata umenewu amautcha pule. Ine ndinkautcha ulesi. Munthu amene anayendetsa malole apeze pedulo yogwedera ngati dzino la nkhalamba m'galimoto ya mkamwini wake, ndiye andiona bwanji? Lusungu anati tiitane makaniko wina wa ku Chibavi, ine ndinakana. Lachinayi nditaweruka ndinagula sipanala mumsika, n'kutsegula boneti, n'kulondola kebulo ya kilatchi mpaka pamene pali kanati. Ndinamanga, ndinakaponda, ndinamanganso, mpaka pedulo inauma gwa kuyambira pamwamba. Ndinasamba m'manja ndikuimba mluzu.

Lachisanu masana ndinakatenga apongozi onse awiri kudepoti. Panjira injini inkalira mokweza pang'ono kuposa liwiro lathu, ine ndinkati ndiye mphamvu zimenezo. Adada Gondwe anangopendeketsa mutu ngati akumvera wayilesi ya mabatire otha.

“Galimoto yabwino chomene, akweni,” anatero.

Akweni ndiye akamwini m'Chitumbuka. Mtima wanga unachita kuti myaa. Titafika kunyumba ndinakoleka makiyi pa msomali n'kubwerera kuntchito pa minibasi, kusunga mafuta a mawa.

Loweruka m'mawa, nditavala kale suti, ndinapita kukaliza galimoto. Kuponda kilatchi, abale, pule yabwerera! Zala ziwiri zomwe zija. Kutsegula boneti, ndinapeza kanati kabwezedwa bwinobwino, pa kebulo apakapo ndi girizi yemwe. Apa panadutsa dzanja la munthu. Ndinadziwiratu kuti Lusungu waitana makaniko wake uja ine kulibe. Sindinafunse munthu, mwamuna safunsafunsa. Ndinapinda manja a jekete n'kumanga monga poyamba, n'kuwonjezera kawiri ka mbasela.

Tinanyamuka asanu, adada kutsogolo, kumbuyo amama, Lusungu ndi Tiwonge atavala gawuni yake, chipewa chili pamiyendo. Ndipo ine, m'malo moyendetsa galimoto mwakachetechete ngati munthu wanzeru, ndinaona kuti nayi nkhani yocheza ndi dalaivala mnzanga.

“Adada, amakaniko a masiku ano ndi mbuli zokhazokha. Dzulo wina wandiseweretsera kilatchi, kuisiya lendelende. Ndachita kukonzanso ndekha m'mawa uno.”

Lusungu anatsokomola.

“Enya,” anavomera adada m'Chitumbuka, maso ali pamsewu.

“Munthu ameneyo asamagwire galimoto za anthu. Ngakhale wilibala sindingamubwereke.”

Lusungu anamenya mpando wanga ndi bondo. Ine ndinaganiza kuti wapanikizika, ndinasendeza mpando kutsogolo.

Kutsetsereka tinatsetsereka bwino, galimoto iliyonse imatha zimenezo. Nkhani inayamba pa chitunda chokwera ku Luwinga. Ndinaponda mafuta, injini inakuwa, galimoto osawonjezera liwiro. Ndinabwerera giya thu, inakuwa kwambiri. Giya wani, inachita kubangula, koma tikuyenda ngati tikuperekeza maliro. Kenako fungo linalowa, lija la ayironi yoiwalika pa malaya. Anatipitirira ma minibasi, anatipitirira a njinga za kabaza zomwe kuno timati sakaramento, anatipitirira mayi wina wosenza nthochi, ndipo anatipatsa moni. Kumbuyo kwathu mzere wa magalimoto a makolo anzathu ukuliza mahutala. Pakati pa chitunda kagalimoto kanaima, injini ikulirabe mokhulupirika.

Munthu wina akanatseka pakamwa pamenepa. Ine ndinakoka handibuleki n'kutembenukira kwa apongozi.

“Mwaona, adada? Ntchito ya mbuli ija.”

Adada anatsika, anavula jekete n'kupatsira amama, kenako anati, “Akweni, sipanala muli nayo?”

Anawerama mu boneti ndi malaya awo oyera, akubweza kanati kaja pang'onopang'ono, milomo ikuwerenga. Atamaliza anadzuka n'kundibwezera sipanala ndi manja awiri.

“Dzulo ndinabweza kanayi,” anatero. “Lero mwandipatsa kasanu ndi kamodzi.”

Anzanga, ndinayang'ana pansi kufuna dzenje loti ndilowemo, koma msewu anali atangoukonza kumene. Manyazi amene ndinamva sindinawamvepo chibadwire. Lusungu anandinong'oneza kuti kwawo bambo sadzudzula mkamwini m'nyumba mwake, mkazi wake akumva. Akaona cholakwika amangokonza mwakachetechete kuti mwini nyumba asachite manyazi. Ndiye madalawo ananditeteza Lachisanu, ine n'kuwalipira Loweruka powamana wilibala.

“Pule ija si matenda, akweni,” anapitiriza adada mofatsa, akupukuta zala ndi udzu. “Ndi mpata woti kilatchi igwire yonse mukachotsa phazi. Mukaimana mpata, ndiye kuti mwaiponda ulendo wonse. Tsopano yatentha. Tidikire izizire.”

Nthawi inali itatha. Tiwonge anakwera sakaramento, gawuni ikuuluka, dzanja limodzi pa chipewa. Amama ndi Lusungu anakwera zawo. Ndinachonderera adada kuti nawonso apite, ndinagwada ndithu pamsewu, minibasi zikundizemba.

“Yayi,” anatero. “Mkweni sasiyidwa pamsewu.”

Tinakhala awiri m'mbali mwa msewu pafupifupi ola. Itazizira anayendetsa ndi iwo, ndipo kagalimoto kanakwera chitunda chija mwaulemu, ngati sikandidziwa. Tikuimika kunja kwa geti, chimkuzamawu chinatchula dzina la Tiwonge Gondwe, tinamva nthungululu ya amama ili mkati. Adada anaima chilili pambali pa galimoto n'kuwomba m'manja katatu, okhaokha. Apa mpamene ndinalakalaka akanangonditukwana.

Chithunzi cha tsikulo chili pabalaza pawo ku Rumphi, chachikulu, cha mufelemu. Tiwonge akumwetulira, amama akumwetulira, adada aima njo ndi chibanga chakuda cha girizi pachifuwa, pamene jekete inalephera kubisa. Mlendo aliyense amafunsa za chibangacho, ndipo iwo sakwiya, safotokozanso. Amangoloza ine kumapeto kwa chithunzi n'kunena kuti, “Akweni athu awo. Amakonza magalimoto.”

Chichokereni tsiku limenelo boneti sinditsegula, ngakhale kuthira madzi ndimaitana munthu. Ndipo chinthu chikakonzeka chokha pakhomo panga apongozi ali pompo, ndimangothokoza kuti yewo n'kukhala pansi.