Mapaundi Anga Anayi ndi Mabanzi a Mai Fulanzisika

Nkhani iyi mkazi wanga amaikamba pamaso pa alendo, ndiye bola ndiikambe ndekha.

Nthawi ya Chitaganya ndinkasankha fodya pafamu ina kufupi ndi Macheke. Chaka china fodya anagulidwa bwino, ine n'kulandira bonasi ya mapaundi anayi. Mtima wanga unali pa jekete yabulauni ya m'sitolo ya ku Macheke, mtengo wake mapaundi anayi ndendende. Koma ndinkafuna ndikaivale yatsopano potsika basi kwathu ku Nyasalande pakatha zaka ziwiri, choncho ndinati ndidzagula nthawi ikakwana (nzerutu zimenezo).

Mai Fulanzisika, mayi wamasiye wa ku Tete amene tinkayandikana nyumba m'komboni, anamva za bonasiyo.

"Baba, ndibwerekeni mari imeneyo ndigule fulawa ndi shuga. Phindu la mabanzi tizigawana."

"Zogawana ine ayi," ndinatero. "Mabanzi akapserera, ndalama zanga zipserere nawo? Mudzandibwezere mapaundi anayi omwewo, osachotsa kobiri."

Anandiyang'ana ngati ndikudwala. "Osawonjezerapo kanthu?"

"Ine si wakuba, mayi."

Ndinalowa m'nyumba ndikudzimva ngati kalaliki wa kubanki.

Mabanziwo anayenda malonda. Tsiku la malipiro komboni yonse pamzere, ine ndemwe kutsogolo ndi kandalama kanga ka tiki kogulira mabanzi (ankakoma, pamenepo ndisaname). Mayiwo anagula nkhuku, kenako mbuzi, kenako njinga ya belu.

Zaka ziwiri zitakwana anabwera, n'kugwada mwaulemu, n'kundipatsa mapaundi anga anayi. Kusitolo kunali kutali, ndiye ndinawapempha njinga.

"Kubwereka ndi makobiri sikisi, baba," anatero akumwetulira. "Matayala amatha."

Ndinalipira. Ine ndemwe amene ndinabala njingayo!

Jekete ndinaipeza pomwe paja. Ndinaika ndalama pakauntala monyada.

"Zaperewera paundi ndi theka," anatero wogulitsa.

"Inali mapaundi anayi imeneyi!"

"Liti?"

"Dzana lija, zaka ziwiri zapitazo."

"Ndiye bwererani komweko mukagule, sekuru," anatero, kunditchula agogo m'chinenero chawo.

Ndinapalasa kubwerera nditatuluka thukuta, belu likungolira lokha m'mabampu ngati likundiseka. Mkazi wanga anamvetsera zonse osandidula mawu, kenako anati, "Inu mzungu wa pafamu akachedwetsa malipiro tsiku limodzi mumalalata. Koma ndalama zanu mwazisiya zigwire ntchito kwa eni zaka ziwiri, ulere."

Ndinamuyankha kuti palibe kobiri imene inasowa. Mpaka pano ndimanenabe zomwezo, kungoti motsitsa mawu.