Tsiku Limene a Chikafa Anaphunzitsa "Excuse Me"

Mwambi umenewu chiyambi chake n'chotere, ana inu. Ena adzakuuzani kuti ndi wa makolo akalekale. Musawatsutse, ndi akuluakulu, koma ine ndinalipo.

Chaka chimenecho ndinkaphika pa kampu ya Matchaina amene ankamanga mlatho kumunsi kwa msika wathu. Ntchito ankaidziwa anthu aja, koma Chizungu chinkawavuta, choncho bwana wawo, a Tang, anafuna mphunzitsi. Anapezeka a Chikafa, amene chipumireni ntchito ya uphunzitsi ankangokhala pakhonde n'kumakonza Chizungu cha anthu odutsa. Anawapatsa sabata imodzi yowayesa. Ntchitoyo ankaifunitsitsa. Sikuti kwawo kunali njala ayi, koma panali patatha zaka zisanu popanda wowaitana kuti Sala, ndipo zinkawapweteka.

Kalasi inali kontena ya zenera limodzi, ophunzira asanu ndi anayi, abambo okhaokha. A Chikafa anaika malamulo awiri. Chilichonse chimene mphunzitsi wanena, kalasi ibwereze pamodzi. Ndipo mphunzitsi sagwira chitseko, amachita kumutsegulira belu likalira. Matchaina aja malamulo ankawasunga kuposa ife amene tinakulira ku Sande sukulu.

Lachisanu, tsiku lomaliza, a Tang anati adzakhala nawo m'kalasi kuti agamule. Koma poyamba anaitana mphunzitsi ku chakudya cha masana. Ndiwo za tsikulo a Tang anaphika okha, zofiira ndi tsabola ngati dothi lakatondo.

"Sala," ndinawanong'oneza, "izi mungolawa. Ine ndinayesa kamodzi, ndinalapa."

"Mayi," anatero, "ine kambuzi ndinayamba kudya ndisanamere mano."

Tsono vuto linali ili. A Chikafa analeredwa kuti kusiya chakudya pambale n'kunyoza wophika. Kwa alendo athu aja, mbale ikayera ndiye kuti mlendo sanakhute. Iwo kumaliza, a Tang kuwonjezera. Iwo kumaliza, a Tang kuwonjezera. Anasiya pa mbale yachinayi chifukwa mphika unatha.

Itakwana thuu koloko analowa m'kontena, atavala suti yawo imodzi yomwe ija ya paukwati, wophunzira n'kutseka chitseko. Ine ndinkatsuka mapoto pansi pa zenera, ndiye zonse ndinazimva, zina ndinasuzumira.

Analemba pabolodi kuti "Excuse me." Kenako anafotokoza m'Chizungu chapang'onopang'ono, manja akuthandizira, kuti mawuwa amanenedwa ukafuna kudutsa pagulu, ukafuna kufunsa njira kwa munthu wosamudziwa, ukageya, komanso ukafuna kutuluka pamsonkhano. Phunziro linali labwino, sindinganame. A Tang ankagwedeza mutu n'kumalemba m'kabuku kawo.

Ali pakati pa nkhani yogeyayo, m'mimba mwawo munalira. Ine panja ndinayang'ana kumwamba, ndimayesa mvula.

Anaima njo, nayang'ana wotchi. Belu linali lisanayandikire n'komwe. Anayang'ana wophunzira amene anakhala pafupi ndi chitseko, namuuza mwaulemu kuti, "Excuse me."

"Excuse me," kalasi yonse inayankha.

Anabwereza, mawu atatsika pang'ono, akuloza khomo ndi chibwano. Kalasi inatsitsa mawu, zibwano zonse zinaloza khomo. Anapinda bondo limodzi. Mabondo asanu ndi anayi anapindika, la a Tang lachikhumi.

Chitseko chinali pomwepo, mapazi anayi okha, chosakhoma. Koma angachigwire bwanji pamaso pa bwana, iwo amene anaika lamulo Lolemba lomweli? Anapukuta thukuta nayesa Chizungu china chouza anthu kutsegula chitseko. Chinabwerera kwa iwo bwinobwino, sichinasowe chilembo. Apo Chizungu chinawathera.

"Abale, tsegulani chitseko," anatero.

"Abale, tsegulani chitseko," inatero kalasi. Chichewa chomveka bwino chotere sindinachimvepo pakamwa pa mlendo.

Mundifunsa kuti bwanji ineyo sindinatsegule. A Chikafa anali atandiuza Lachiwiri kuti wophika asayandikire khomo la kalasi, amasokoneza maphunziro. Nanenso malamulo ndimasunga.

Anapirirabe mphindi zina zitatu, ndipo zitatu zimenezo ndi zimene zinawaonongera zonse. Kenako anachigwira chitseko chija ndi manja awiri n'kutuluka. Chimbudzi chinali kutsidya kwa mulu wa mchenga, ndipo ndingokuuzani kuti mulu wa mchengawo anafika. Ophunzira anaima pakhomo mwadongosolo, akudikira kuti mwina n'zobwerezanso.

A Chikafa ndinawabwereka ovolosi ya malemu amuna anga imene ndinkasunga kukhitchini, suti tinaikulunga m'jumbo. Posakhalitsa a Tang anatuma womasulira kudzanena kuti ntchito aipeza, chifukwa sanaonepo mphunzitsi wophunzitsa ndi thupi lonse, ndipo mawuwo palibe adzawaiwale. A Chikafa anathokoza, koma anati sabweranso. Ndinawamvera chisoni, ana inu, chifukwa kuphunzitsa ankakutha, ndipo ankadziwa kuti akubwerera pakhonde paja.

Atakhala pa ndowa kuseri kwa khitchini, miyendo ya ovolosi itawalekeza m'mawondo, anandiyang'ana.

"Mayi, anthu khumi athunthu, inu wa khumi ndi mmodzi, osapezeka ndi mmodzi yemwe wonditsegulira?"

"Pepani Sala," ndinatero, "koma ife tonse m'mimba munali phee. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko."