Masamba Pamsewu wa ku Ndunde

Anthu a ku Ndunde akamakamba nkhaniyi amawonjezera zawo zambiri, ndiye ndati bola ndiinene ndekha ndisanafe. Sikuti ndituluka woyera m'menemu ayi, koma zoti ndinakwera padenga la galimoto n'kuyamba kuvina, limenelo ndi bodza la alamu anga.

Ndinakhala ku Halale zaka zisanu ndi chimodzi, ndikuphika pahotela ina, Malawi atangolandira kumene ufulu. Chinandithamangitsa kumudzi si njala ayi, koma pakamwa pa apongozi anga aakazi. Ndinali mkamwini pakhomo pawo, ndipo tsiku lina nkhokwe imene ndinamanga itapendama, anafunsa mkazi wanga mokweza (dala, kuti ndimve ndili kuseri kwa nyumba) kuti, "Kodi amuna akowa pali chimene amatha?" Mawu amenewo anandiwawa zaka zonsezo. Choncho mzungu wina atandigulitsa kagalimoto kake kobiriwira, ndinalumbira kuti apongozi adzandiona ndi maso awo ndikutsika m'galimoto yangayanga, pabwalo pawo, dzuwa lili paliwombo. Ndinalemba kalata kumudzi: ndifika Loweruka masana, konzekani.

Tsiku lomaliza la ulendo ndinadzukira ku Mwanza, msana uli gwa. Miyala ya ku Tete inali itathyola paipi ya utsi, moti kagalimotoko kankalira ngati chigayo. Nditadutsa Limbe ndinaima pakamtsinje, n'kukatsuka bwinobwino mpaka matayala. Kenako ndinavala suti, tayi, ndi chipewa. Wailesi ya mabatire ndinaikhazika pampando wapambali n'kuikweza mpaka pomaliza. Pamwendo ndinaika phukusi la maswiti.

Nditakhotera kamsewu ka kumudzi, ndinaona masamba aawisi atayalidwa mopingasa njira. Abale anga, ine ndinabadwira konkuno. Tanthauzo la masamba pamsewu ndinalidziwa ndisanayambe kuvala kabudula: pali maliro, wanjinga atsike, wachipewa avule. Koma tsiku limenelo mutu unali utatupa. Ndinati, "Ehee, kalata ija inafika! Andiyalira ngati bwanamkubwa!" Ndinawaponda masambawo n'kuliza hutala katatu.

Kutsogolo ndinaona chinamtindi cha anthu pakhomo pa apongozi, amuna mbali yawo pansi pa mango, amayi mbali yawo pakhonde. Mtima unachita kuti myaa. Mudzi wonse kudzandilandira ine! Ana sindinawaone akuthamangira galimoto, koma ndinati mwina ali kusukulu (Loweruka, tangoganizani). Kulira kwa amayi sindinakumve, poti chigayo changa ndi wailesi zinali pampikisano.

Alamu anga, mchimwene wa mkazi wanga, anathamangira kutsogolo kwa galimoto akukupiza manja onse awiri. Ine ndinati koma alamuwa andisowa zedi, ndipo ndinawakupizira langa. Ndinalowa pabwalo, n'kuzungulira kamodzi kuti onse aone mbali zonse ziwiri. Pozungulira kachiwiri ndinayamba kuponya maswiti pawindo, ndikufuula, "Ndabwera! Ndabwera, anthuni!" Switi ina inagwera pamiyendo pa mayi wokalamba amene anafunda chitenje kumutu. Atakweza nkhope ndinaona kuti ndi apongozi, maso ali psuu.

Ndinaimika galimoto pakhomo penipeni n'kudinanso hutala, yomaliza, yamphamvu. Mkazi wanga anafika pawindo misozi ili chuchuchu, n'kulowetsa dzanja kuzimitsa wailesi.

"Bambo a Rozi, mwapenga kodi?"

"Mayi a Rozi, usalire, ndine ndemwe. Ndi yathu imeneyi!"

"Atsibweni atisiya dzana! Mukuona ngati anthu onsewa abwerera inu?"

Atsibweni ake! Mlongo wawo wa apongozi, mwinimbumba, munthu amene anandipatsa malo omanga nyumba. Ndinazimitsa injini, ndinachotsa dzanja pahutala.

Hutala sinasiye.

Ndinaidina, ndinaimenya chibakera, ndinaipempha ndi mawu. Inangoti piiiii, osapuma. Nthawi yomweyo akatekisiti anatulukira pachitseko buku lili m'manja, kumbuyo kwawo adzukulu atanyamula bokosi. Anaima poti njira ndinali nditaitseka ndine. Akatekisiti anatsegula pakamwa kuti ayambitse nyimbo, koma palibe anamva kanthu. Anatseka.

"Alamu, ikhalitseni chete!" alamu anga anakuwa kukhutu kwanga.

"Ikukana!"

"Si yanu kodi?"

Inali yangadi, koma mzungu uja anangondiphunzitsa kuyendetsa, za m'mimba mwake sitinakambirane. Ndinatsegula boneti ndili m'suti, n'kukoka waya woyamba amene ndinamuona. Hutala inapitiriza. Ndinakoka wachiwiri, wachitatu. Ndinatulutsa bulangete latsopano limene ndinagulira apongozi n'kuifunditsa injini yonse, mwina phokoso lichepe. Linangosintha mawu, n'kumamveka ngati ng'ombe yotsekeredwa m'khola.

Amene anatipulumutsa ndi a Namakhwa, kalipentala amene anakhoma bokosi lija. Anabwera pang'onopang'ono hamala ili m'manja, anasuzumira, anamvetsera pamene pakuchokera mawu, n'kunena kuti, "Pepanitu achimwene." Anamenya kawiri. Kunangoti zii.

Bata limenelo linali lowawa kuposa phokoso. Pofuna kufufuta manyazi ndinagwada pamaso pa akuluakulu n'kunena kuti, "Chonde, lolani malemu ayende pagalimoto mpaka kumanda." Ananong'onezana, kenako anavomera. Ndinalowa, ndinapotokola kiyi. Zii. Mawaya aja ndinakoka anali ndi ntchito zawo. Amuna asanu ndi mmodzi anachita kusiya maliro kuti akankhe galimoto yanga ichoke panjira, ine ndili m'kati ndikuwongolera, kenako bokosi linadutsa pamapewa monga mwa masiku onse. Tili pakati pa njira ya kumanda m'pamene alamu anandigwira mkono n'kundinong'oneza kuti, "Chipewatu." Nthawi yonseyi chinali chili kumutu.

Apongozi sanandikalipire. Bola akanandikalipira. Titabwerako kumanda ndinatuma mkazi wanga kuti akandipepesere, poti mkamwini sayankhula ndi apongozi maso ndi maso. Anabwerako ndi mawu awiri okha: "Akuti aona."

Ndinakhala nawo zaka zina zambiri mayi amenewo. Ndinawalimira, ndinawafolerera nyumba, ndinawapereka kuchipatala cha mishoni kangapo konse galimoto itakonzedwa, iwo ali kumbuyo, nkhani ya hutala ija osaitchulanso. Ndinayamba kukhulupirira kuti anaiwala, mwinanso kuti anayamba kundiwerengera ngati munthu. Atadwala matenda awo omaliza anaitana ana awo onse n'kugawa mawu, uyu munda, uyu mbuzi. Mkazi wanga anatuluka n'kundipeza pakhonde.

"Akutchulaninso inu," anatero.

Ndinakonza kolala. "Akuti chiyani?"

"Akuti pamaliro awo mudzabwere wapansi."