Nkhondo ya Bokosi la Madandaulo

Tcherani khutu, inu a m'badwo uno, mumve za chaka chija chimene munthu ankayezedwa ndi manambala ake, chaka chimene ofesi ya zamadzi inagwedezeka mpaka kumaziko chifukwa cha bokosi lamatabwa lokhala ndi kabowo pamwamba!

Mu ofesimo munali Mayi Khutu, mlembi wa madandaulo, Mkango wa pa Kauntala, Mwini Chidindo Chomveka Mpaka Kumsewu. Opereka thandizo anali atagamula kuti ofesi yomvera anthu imadziwika ndi kuchuluka kwa madandaulo, ndipo akadzapeza bokosi la madandaulo lili lopanda kanthu, mpando wa mayiwo udzachotsedwa. Mayi Khutu, pokhala ndi ana pasukulu, mtima unali m'mwamba. Koma nako kulikulu kunachokera lamulo lakelake lakuti madandaulo akachuluka, mkulu wa mipope aiwale zokwezedwa. Mkuluyo anali a Sipanala, Njovu ya Mapaipi, Wosaopa Matope.

M'mawa mayiwo ankaika bokosi pakhomo, masana n'kulipeza pamwamba pa kabati, pofika akangaude okha. Akalitsitsa, linkakweranso. Tsiku la tsikulo anawapezerera a Sipanala atalikumbatira ngati khanda.

"Bambo inu, tulani pansi chakudya cha ana anga!" unabangula Mkango.

"Mayi, ine imvi zamera ndili pagiredi imodzimodzi!" inayankha Njovu. "Aliyense woponya pepala umu akundiponda pakhosi!"

Pamenepo fumbi linakoleka. Chidindo chinakumana ndi sipanala, mafaelo anauluka ngati nkhunda, ndipo amesenjala, amuna olimba mtima, anakabisala kuseri kwa makina a fotokope. Anthu amene anabwera ndi zidebe zouma kudzadandaula anaonerera pakhomo, kenako anabwerera kwawo poti panalibe wowafunsa.

Mpweya utawathera, ngwazi ziwirizo zinapangana pangano losatha: akamabwera opereka thandizo bokosi likhale pakhomo, akamabwera a kulikulu likwere pakabati. Onse anawomba m'manja. Koma Mayi Khutu atalikhutchumula mwakachetechete, munalibe kanthu, ndipo misozi inalengeza.

"Tiyi wa mtendere!" analamula a Sipanala, ketulo ili m'manja. Anatsegula mpope wa mu ofesi. Mpopewo unatsokomola, n'kulavula mphepo, n'kukhala chete.

"Zachibwana!" inalusa Njovu. "Anthu amamwa chiyani m'tauni muno?" Inatsomphola pepala, n'kulemba mawu oyaka moto, n'kuliponya m'bokosi kuti pho!

"Loyamba chaka chino!" anakuwa Mayi Khutu, akuvina ndi chidindo m'mwamba. "Ambuye akudalitseni, bambo!"

Apo m'pamene a Sipanala anakumbukira kuti mkulu wa mipope ndi ndani. Anagwada n'kupisa chala m'kabowo, koma kiyi wa bokosilo anali kale pachifuwa pa Mayi Khutu.